Ndinawauza Katatu za Bowolo

"Ungosayina basi. Akufuna dzina lako papepala, sakufuna magazi ako."

Mwamuna wanga anakankhira kalata ija pafupi ndi kapu yanga ya tiyi, n'kuika cholembera pamwamba pake. Anali atavala kale malaya a kuntchito, makiyi a galimoto ya chipatala akulira m'manja.

"Mwaiwerenga kalatayi, bambo?"

"Amalume andifotokozera zonse."

"Sindinafunse za amalume. Ndati mwaiwerenga? Apa alemba kuti ine, wosamalira makompyuta pachipatala, ndinayendetsa pulogalamu yosaloledwa, ndipo pulogalamuyo ndi imene inaboola nkhokwe ya mbiri za odwala. Tandiuzani. Munthu akazungulira nyumba ndi tochi n'kupeza zenera lothyoka, wathyola zeneralo ndi iyeyo?"

"Za makompyuta zakozo ine sindizidziwa."

"Koma za mlamu wanu mukuzidziwa. Ali m'chipinda umo. Lowani mukamuone diso."

Anayang'ana kumbali. Mng'ono wanga anali atafika masiku anayi apitawo, dzuwa likuswa mtengo, ana ake anayi aakazi ali pambuyo, diso lakumanzere litatsekeka ndi kutupa, nsapato imodzi kuphazi. Dzina lake linali pamndandanda umene unkayenda m'mafoni a anthu m'dera lathu lonse. Pambali pa dzinalo panali mawu amene namwino analemba mukompyuta: jakisoni wolera, miyezi itatu iliyonse, mwamuna asadziwe. Mwamunayo anawawerenga mawuwa ali kometetsa, anzake akumuonetsa uku akuseka.

"Sindikukana kuti mlamu walakwiridwa," anatero mwamuna wanga. "Koma ukasayina, amalume akuti akusunga. Ukhala pakhomo miyezi iwiri, anthu aiwala, ubwerera pantchito. Ukakana, tonse awiri tili pamsewu. Ntchito yakoyo anakupezera ndi iwo. Galimoto ndikuyendetsayi anandipatsa ndi iwo. Bambo atamwalira, anandiphunzitsa sukulu ndani?"

"Ndiye poti anakuphunzitsani sukulu, ine ndisenze mlandu wa mwana wawo?"

"Injiniya ndi mwana, akuphunzira."

"Mwana wa zaka makumi atatu, ndevu zofika pachifuwa? Aziphunzirira pamisana ya anthu?"

"Tsitsa mawu, ana akumva."

"Amve! Amayi awo anamenyedwa iwo akuona, lero aope mawu anga?"

Anatenga chipewa chake. Ali pakhomo anatembenuka. "Komiti ya chipatala ikumana pakatha milungu iwiri. Amalume akuifuna kalatayo tsikulo lisanafike."

Galimoto inalira n'kupita. Kalata ija ndinaipinda kanayi n'kuiika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera.

Chipatala chathu ndi cha bungwe, chili ndi nthambi zitatu. Ine ndinkagwira panthambi yaing'ono ya kufupi ndi kwathu, m'kachipinda kopanda zenera pakati pa famase, koperekera mankhwala, ndi chimbudzi. Amalume a mwamuna wanga ndiwo anali mkulu wa nthambi zonse, ofesi yawo ili kunthambi yaikulu. Mwana wawo, amene banja lonse limamutcha Injiniya, ndiye anapatsidwa ntchito yopanga webusaiti yoti anthu azisungitsira malo ndi kuonera zotsatira za magazi pafoni. Kuseri kwa webusaitiyo kunali nkhokwe, ife timati detabesi, mmene munali dzina, matenda ndi mankhwala a aliyense amene anapondapo pachipatala. Makiyi a seva, kompyuta yaikulu yosunga zonsezi, anali ndi Injiniya yekha. Ine zanga zinali mapulinta okana kusindikiza, mawaya odyedwa ndi makoswe, ndi sikana.

Sikana ndi pulogalamu yofufuza. Imagogoda khomo lililonse la webusaiti, imayesa kulemba mawu opotoka m'mabokosi olembamo dzina ndi pasiwedi, imaona ngati mapulogalamu akalamba. Ikatha imakupatsa mndandanda: zobiriwira, zachikasu, zofiira. Kuiyendetsa kamodzi pamwezi kunalembedwa m'kalata yanga ya ntchito. Zofiira zinkatuluka zitatu mwezi ndi mwezi. Bokosi lolembamo dzina linkamvera aliyense, moti wodziwa akalembamo mawu ena ake, nkhokwe inkangokhuthula zonse ngati thumba lobooka. Pulogalamu ya nkhokweyo inali yakale, chonsecho eni ake anali atatulutsa kale chigamba chotsekera bowolo, chaulere, chongofunika kuika. Chachitatu chinandiseketsa ndisanapse mtima. Pasiwedi yaikulu yotsegulira seva inali manambala kuyambira 1 mpaka 8, motsatana, ngati mwana wongoyamba sukulu akuwerenga.

Mndandanda wa odwala utatuluka, woyamba kuimitsidwa ntchito ndinali ine.

Lachitatu ndinapita kumsika kukagula sopo. Amayi amene ndinkacheza nawo masiku onse anangoti maso pamatimati awo. Ndikutuluka, bambo wina wogulitsa mkaka anaimika njinga yake kutsogolo kwanga.

"Ndinu amayi a makompyuta inu?"

"Ndine."

"Chifuwa chachikulu ndinachira zaka ziwiri zapitazo. Mankhwala ndinamaliza onse, osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe. Lero mkaka wanga ukusasa m'zigubu. Anthu akuti ndimakhosomolera momwemo. Ndinakulakwirani chiyani, mayi?"

"Sindinatulutse ndine mayinawo, bambo."

"Kuchipatala akuti ndinu."

Kalata ndinali ndisanasayine, koma mlandu anali ataugawa kale kumsika.

Anamwino aakulu a panthambi yathu, mayi wachikulire wa imvi zake, anandiona ndili chiimire, nandikokera kuseri kwa golosale.

"Mawu aja pa dzina la mng'ono wako ndinalemba ndine," anatero. "Ndinkafuna kuti mnzanga wa tsiku lina asalakwitse n'kuimbira mwamuna. Ndinkati ndikumuteteza."

"Simunalakwe inu. Webusaiti aitseka?"

"Aitseka kuti? Tikulembabe. Dzulo lokha ndalowetsamo amayi oyembekezera khumi ndi awiri."

Ndinatulutsa foni n'kutsegula tsamba la chipatala. Sindinakhudze kanthu, ndinangotsikira pansi pamene pamaoneka nambala ya pulogalamu. Inali yomwe ija, yakale. Anthu atha kulira sabata yathunthu, bowo lili chiyasamire, ndipo tsiku ndi tsiku mayina atsopano akuthiridwa momwemo.

Lamlungu masana kunabwera alendo. Amalume analowa patsogolo ndi suti yawo ya kutchalitchi, apongozi anga, mlongo wawo, ali pambuyo. Injiniya anatsala m'galimoto, magalasi otseka, mutu uli pafoni. Mwamuna wanga anawapatsa mipando yabwino, iye n'kukhala pakampando ka ana pafupi ndi chitseko.

Titalonjerana, amalume sanazungulire. "Mwana wanga, kalata ija ili kuti?"

"Ikugwira ntchito, amalume." Ndinaloza mwendo wa tebulo.

Apongozi anagwira pakamwa. Amalume anaseka pang'ono, kuseka kwa muofesi.

"Ndiwe wanzeru, n'chifukwa chake ndinakulemba ntchito. Ndiye umve. Pamalo pakachitika ngozi, pamafunika munthu mmodzi woimirira kutsogolo kuti anthu mitima ikhale pansi. Si kuti walakwa ayi. Ndi dongosolo chabe."

"Aimirire amene ali ndi makiyi."

"Msuweni wa mwamuna wakoyu wangotsegula kumene kampani yake. Dzina lake likada, watha. Iwe ndiwe mayi wapabanja, uli ndi mwamuna wokusunga. Ukhala pakhomo pang'ono, ulera ana, palibe chimene utaye."

"Dzina langa si chinthu, eti? Ndinakhala zaka zinayi pasukulu kuti ndidzakhale chopukutira cha Injiniya? Amalume, ndinakuuzani katatu. Koyamba ndi pakamwa, muofesi mwanu. Munati ndisachititse manyazi mwana wanu. Kachiwiri ndinalemba imelo, munayankha mawu awiri okha: tiona mawa. Kachitatu ndinasindikiza lipoti lonse, masamba khumi ndi anayi, zofiira ndinazizunguliza ndi cholembera kuti ngakhale wotopa aone. Ndinamata envulopu n'kukutumizirani."

"Ine sindinalandire kanthu. Imelo ukunenayo Injiniya wafufuza, palibe."

"Wafufuza kapena wafufuta?"

"Mpongozi, pakamwa!" anakuwa apongozi. "Ukulankhula ndi ndani? Mchimwene wangayu ndiye wagwira banja lino. Denga mukugonamoli anathandiza kufolera ndi iyeyu. Ndiponso mng'ono wakoyo ankabisiranji mwamuna wake? Mkazi wolongosoka sabisa za m'thupi mwake. Zikanapanda kutulukira pafoni zikanatulukira pena."

Chinsalu cha pakhomo la kuchipinda chinagwedezeka. Mng'ono wanga anatuluka, wamng'ono wake ali kumsana. Diso linali litatseguka koma lili lakuda bii. Sanakhale pansi.

"Ndinabisa chifukwa ndinkafuna kukhala ndi moyo, amayi. Uyu ali kumsanayu ndinabereka ndikutaya magazi, anachita kundiika mabotolo atatu. Adokotala anandiuza kuti wachisanu ndi manda. Ndinawauza bambo ake. Anati sasiya mpaka atapeza mwana wamwamuna. Ndinapita kuchipatala chanu, bambo, ndipo ndinafunsa kawiri kuti kodi zimenezi sizituluka? Anandiuza kuti zili mukompyuta, mukompyuta simulowa munthu."

Amalume anakonza tayi. "Pepani, mayi. Akuba a pa intaneti ndi ochenjera kwambiri. Ngakhale maofesi akuluakulu a kunja amaberedwa."

"Awa sanafunike kuchenjera," ndinatero. "Chitseko chinali chotsegula. Mpaka lero chili chotsegula, ndaona ndekha Lachitatu. Za ine tisiye kaye, tikamba mawa. Tsekani webusaiti lero, amalume. Imbani foni pompano. Anamwino akulowetsabe mayina a anthu."

"Sizingatheke."

"Chifukwa?"

"Tikatseka tsopano, anthu aganiza kuti vuto linali la webusaiti."

Anayankhula mofatsa, ngati akunena za mvula. Ankadziwa. Anasankha kusiya matenda a anthu pabwalo sabata ina yathunthu, bola mwana wawo aoneke woyera tsiku la komiti.

Ndinatuluka osavala nsapato, ndinakagogoda pagalasi la galimoto. Injiniya analitsitsa theka.

"Alamu, musatenthe mutu. Zinthu izi zili ndi njira yake."

"Chigamba chija bwanji sunaike?"

"Chikhoza kugwetsa zina ndi zina. Ndiyenera kuchiyesa kaye."

"Miyezi isanu ukuyesa?"

"Ndili ndi makasitomala enanso, alamu."

"Tandiuza. Usanaike chigamba pankhokwe, umayamba ndi chiyani?"

Anayang'ana chiwongolero. Anatsegula pakamwa, natsekanso. Pamenepo ndinazindikira chimene ndinali ndisanachiganizepo. Sikunali kuchedwa, sikunali ulesi. Sankadziwa. Webusaitiyo anachita kukopera kwa mnzake wina, iye n'kungosintha mitundu ndi kuika chithunzi cha namwino womwetulira.

"Ukanangondiuza," ndinatero. "Ndikanakuikira ndekha, palibe akanadziwa."

"Ndifunse inu?" Anakweza galasi.

Alendo akutuluka, amalume anaima pafupi ndi mwamuna wanga, amene sanalankhulepo kanthu chilowereni iwo. Anamugwira paphewa. "Mkazi wako umulankhule, mphwanga. Makiyi a galimoto ija ali ndi owafuna ambiri."

Fumbi la galimoto yawo lisanathe, ndinamufunsa. "Envulopu ija munanyamula ndinu, bambo. Ndinakupatsani pageti, Lolemba m'mawa. Muli ndi buku lija la makalata, limene wolandira aliyense amasayinamo. Anasayina ndani?"

"Usandilowetse m'zimenezi."

"Munalowa kale tsiku limene munainyamula."

"Amalume andiuza kuti bukulo ndikawapatse. Akuti latha, agula latsopano."

"Mwapereka?"

Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba kukakonza njinga imene inalibe vuto.

Sabata imeneyo m'nyumba mwathu munali zii. Tinkapatsana madzi osamba ndi moni wa m'mawa basi. Mwamuna wa mng'ono wanga anatuma mlongo wake kudzanena kuti mkazi akhoza kubwerera, bola akachotse kaye mankhwalawo m'thupi, ndipo akapepese pamaso pa abale. Mng'ono wanga anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa mlamu wakeyo ngati wabweretsa mayunifolomu a ana. Sanabweretse.

Ine ndinalembera kalata wapampando wa komiti, kupempha kuti webusaiti itsekedwe. Kalatayo inakafikira patebulo la amalume, poti makalata onse a komiti amadzera kwa iwo.

Lachinayi mwamuna wanga anabwera masana, nthawi imene sabwera. Anaimika galimoto ya chipatala pabwalo, natenga ndowa ndi sopo, n'kuyamba kutsuka kumbuyo kumene amagonekako odwala. Anatsuka kamodzi, anatsukanso. Ndinaima pakhonde kumuyang'ana.

"Kwagwanji?"

Sanatembenuke. "Mtsikana wa sukulu. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anzake anapeza dzina lake pamndandanda, n'kulemba pabolodi zimene anapitira kuchipatala. Wayesa kudzipha. Ndamunyamula ndine."

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Amayi ake anakhala kumbuyo kuno, njira yonse akumuitana dzina. Njira yonse." Anafinya chinsanza mpaka madzi anatha. "Anapita kuchipatala liti, ukudziwa? Sabata yatha. Mndandanda umenewu ndi wina, watsopano."

Ndinatenga ndowa n'kukamutungira madzi ena.

Komiti inakumana kunthambi yaikulu, m'chipinda chophunzitsira anamwino. Anali anthu asanu ndi awiri kuseri kwa tebulo lalitali, wapampando ali mphunzitsi wopuma. Kumapeto kunakhala mayi wina wamfupi wa magalasi, amene likulu la bungwe linatumiza kudzafufuza nkhani ya mtsikana uja itamveka. Anali ndi laputopu yake, ndipo sanamwetulire ndi munthu.

Amalume analankhula nthawi yaitali. Ananena za chisoni chawo, za akuba ochenjera, za wantchito wina amene mwa changu chake anayendetsa pulogalamu yoopsa popanda chilolezo. Anati sakumusungira mangawa, ndi mwana wa m'banja. Injiniya anaonetsa zithunzi pakhoma, maloko ndi zishango zokongola.

Mayi wa magalasi uja anatembenukira kwa ine. "Pulogalamu yake ndi iti?"

Ndinaitchula.

"Imeneyo ndimagwiritsa ntchito inenso," anatero. "Siboola kanthu, imangoonetsa pobooka. Malipoti ake muli nawo?"

Ndinamupatsa fulashi yanga mmene ndinasungira malipoti onse, pamodzi ndi kalata yanga ya ntchito pamene panalembedwa za kufufuza mwezi ndi mwezi. Anawerenga mwakachetechete.

"Zofiira zitatu, miyezi isanu yotsatana. Akuluakulu munawauza?"

"Katatu."

"Bodza limenelo," anatero amalume. "Malipotiwo ankangowasunga yekha. Akanandiuza, ine ndikanakhala chete bwanji? Mayi wofufuza, onani m'maimelo, simupezamo kanthu."

"Ndaonamo kale," anayankha mayiyo. "Mwezi wathunthu mulibe imelo ndi imodzi yomwe. Chipatala cha nthambi zitatu, mwezi wonse osalemberana. Koma kusowa kwa chinthu si umboni. Mayi, muli ndi china?"

Ndinalibe. Wapampando anayamba kusonkhanitsa mapepala ake. Pamenepo chitseko chinatseguka, mwamuna wanga n'kulowa, chipewa chili m'dzanja limodzi, buku lachikuto chakuda m'dzanja lina.

"Mphwanga, kuno si kwa madalaivala," anatero amalume. "Kadikire kugalimoto."

"Ndikupita, amalume. Ndingosiya ichi." Anayenda mpaka kwa wapampando. "Ine ndine dalaivala chabe, za makompyuta sindizidziwa. Koma kalata iliyonse imene ndanyamula imalembedwa umu, wolandira n'kusayina. Onani apa. Envulopu yochokera kwa wa makompyuta, yolembedwa kuti lipoti lachangu la chitetezo. Tsiku ndi ili. Wolandira ndi uyu."

Wapampando anavala magalasi. Siginecha ya amalume aliyense pachipatala amaidziwa, imadzaza mizere iwiri.

"Ndimasayina zinthu zambiri patsiku," anatero amalume.

"Munaitsegula ndili pomwepo," anatero mwamuna wanga. "Munawerenga tsamba loyamba, munati mkazi wako amakonda kudzionetsa. Kenako munaiika pansi pa foni."

"Iwe! Ndinakulera ine!"

"Munandilera, amalume, sindidzakana. Koma mwana uja ndamunyamula ndine Lachinayi."

Anasiya makiyi a galimoto patebulo pambali pa bukulo, natuluka. Palibe anamuuza kuti awasiye.

Mayi wofufuza anapempha chilolezo kwa wapampando, nayendetsa sikana yake pomwepo, zonse zikuoneka pakhoma pamene panali maloko a Injiniya. Tinadikira. Mizere inkatsika, yobiriwira, yachikasu. Kenako yofiira inatuluka, imodzi, iwiri, itatu. Wofufuzayo anauza Injiniya kuti atsegule seva, iye n'kulemba manambala ake aja, 1 mpaka 8, komiti yonse ikuona zala zake. Mayiyo anatsegula pamene seva imalemba aliyense wolowa.

"Akubawo abweramo katatu," anatero. "Komaliza ndi masiku asanu ndi anayi apitawo. Mayi uyu anali ataimitsidwa kale."

Mayi wina wa m'komiti anaika manja kumutu. "Mwana wanga anabwera kudzayezetsa sabata yathayi," anatero, osauza munthu aliyense.

Wapampando analamula kuti webusaiti itsekedwe nthawi yomweyo. Mayi wofufuza anakankhira laputopu kwa Injiniya. "Ikani chigamba, bambo. Tikudikira."

Injiniya anayang'ana bambo ake. Bambo ake anayang'ana pazenera.

"Mayi," anatero wofufuza uja kwa ine, "mungathe?"

Ndinakhala pampando wa Injiniya. Ndinayamba ndi kukopera nkhokwe yonse pamalo ena, kuti china chikalakwika mbiri za odwala zisatayike. Ndinatsitsa chigamba n'kuchiika. Ndinasintha mapasiwedi onse. Tsamba la bokosi lomvera aliyense lija tinalichotsa, kudikira kuti lilembedwenso ndi munthu wodziwa. Tinayendetsanso sikana. Chofiira panalibe.

Zimene zinatsatira m'masabata a pambuyo pake ndizinene pano, poti sizitalika. Amalume anapatsidwa tchuthi, kenako anasamutsidwira kulikulu, kuofesi ya mpando wofewa kuposa woyamba. Injiniya anamulanda ntchito mwakachetechete, ndipo ndamva kuti akupanga webusaiti ya sukulu ina. Pachitseko cha chipatala anamatapo chipepeso cha mizere isanu, chonena za akuba a pa intaneti, osatchula za miyezi isanu ija. Ine anandibwezera m'kachipinda kanga, makiyi a seva ali m'manja mwanga tsopano. Galimoto anapatsa dalaivala wina, akuti mongoyembekezera, ndipo mwamuna wanga akuyembekezerabe. Apongozi akatiwona kutchalitchi amasintha benchi.

Koma tsiku la komiti lija tinabwerera kunyumba wapansi, ine ndi mwamuna wanga, osalankhulana zambiri. Pamlatho anandilandira chikwama. Titafika iye analowa m'nyumba, ine ndinatsala pakhonde, pamene mng'ono wanga ankaluka tsitsi la mwana wake wachiwiri.

"Zayenda bwanji, achemwali?"

"Bowo latsekedwa."

"Mwatseka ndinu?"

"Ndine."

"Inali ntchito yaikulu?"

Ndinafuna kunama, koma ndinali nditatopa ndi mabodza a anthu ena. "Mphindi makumi anayi."

Zala zake zinaima m'tsitsi la mwanayo. "Mphindi makumi anayi," anabwereza. "Kuchapa zovala za ana awa kumanditengera nthawi yoposa pamenepo."

Anayang'ana kumsewu kumene amayi awiri ankadutsa, mmodzi akugunyuza mnzake ndi chigongono.

"Nanga dzina langa m'mafoni a anthu, mwalichotsa?"

"Limenelo silichoka, mng'ono wanga."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nayambanso kuluka. Anakoka kwambiri, mwana analira.

"Pepa, mayi wanga," anatero, n'kumasula mzere wonsewo kuti auyambenso.